Mbali B ya Kaseti

Amalume a Layitoni Miti
ankamanga masipoko ku fakitale ya njinga,
madzulo n'kubwerera ku Kapata girisi ali m'zikhadabo.
Kakompyutako anagula kwa mphunzitsi wa ku Chizongwe
amene ankalongedza zobwerera kwawo:
kakuda, kaphanthiphanthi ngati buku la nyimbo,
mabatani a mphira, zilembo zina zitafufutika.
Anakalumikiza ku TV yosadziwa mtundu wina
koma woyera ndi wakuda.

Masewerowo ankakhala m'kaseti.
Ukaitsegula inkalira ngati nyenje za m'chilimwe,
mphindi zisanu, nthawi zina zisanu ndi ziwiri,
ife ana tili duu pamkeka,
poti wina akangogunda mwendo wa thebulo
zonse zinkayambira pachiyambi.

Tinawombera zilombo za mumlengalenga mpaka kutopa.
Tsiku lina amalume anati,
"Kodi kuno kwathu kulibe chothamangitsa munthu?"
Anagula kope la masamu ku Dauni Shopu
nayamba kulemba mizere ya manambala,
teni, twente, sate,
kusiya mpata pakati
woikamo zimene adzakumbukire mawa.

Miyezi inayi.
Kawiri magetsi anathima asanasunge,
ntchito ya sabata yonse n'kupita ngati malovu padzuwa.
Sanatukwane. Anatuluka panja kukayang'ana phiri.

Chinakana kuyenda.
Anti Dailesi, otayipa makalata ku Boma,
amene sankaloledwa kukhudza kanthuko,
anatenga kope amalume akusamba,
chala chikutsika mzere ndi mzere.
"Bambo, apa mwasiya kachizindikiro kamodzi."
Kuyambira usiku umenewo ankatayipa ndi iwo,
mwaliwiro, osayang'ana zala,
amalume akuwerenga mokweza ngati kalata ya kwa Akorinto.

Dzina lake linali Wamakala.
Kamunthu ka madontho asanu ndi anayi
panjinga, matumba awiri kumbuyo,
kakutsetsereka phiri la Kanjala opanda mabuleki.
Maenje anali zilembo za O.
Mbuzi inali M, inkadumphira mumsewu osachenjeza.
Ukafika kumsika thumba lisanagwe
kakompyuta kankalira katatu, pii, pii, pii,
ife n'kukuwa mpaka agalu a aneba kuyankha.

Silinagulitsidwe m'sitolo iliyonse.
Linalibe bokosi, linalibe chithunzi.
Tinalisewera ana khumi ndi mmodzi
ndi m'busa wina amene anabwera kudzatiletsa.
Tisauke wa kuseri kwa tavani ndiye anatiposa tonse,
nambala yake inalembedwa ndi khala kuseri kwa chitseko
mpaka eninyumba anapaka laimu.

Fakitale itatsekedwa
amalume anapita kukagulitsa machubu ku Mwami.
Kakompyuta kanalowa chinyezi m'sutukesi.
Kope linathera kukulunga mandasi, tsamba ndi tsamba.
Kaseti inabwerekedwa ndi akwaya ukwati utayandikira,
anajambulapo nyimbo zisanu ndi imodzi
ndi chifuwa cha wina woyimba besi.

Dzulo mwana wanga, maso ali pafoni,
anandiwerengera mayina a amene anayambitsa masewero otere,
anyamata a m'mizinda yozizira, a m'magalaja a makolo awo.
Ndinafukula wailesi yakale, ndinagula mabatire,
ndinazunguza tepi ndi bolopeni.
Kumapeto kwa mbali B, kwaya itati ameni,
nyenje ija ilipo,
yotsala pang'ono, yosakwana mphindi.

"Yawonongeka," anatero mwanayo.
Ndinati khala chete, mvera.
Mwina apa ndi mbuzi.
Mwina ndi pokhota paja pamene tonse tinkagwera.
Mwina ndi mzere womaliza umene anti anawonjezera okha
amalume ali m'tulo,
woti ukapambana pazituluka mayina awiri.

Tepi inafika pothera, batani linadumpha lokha.
Mwanayo anaika foni pansi.
"Bwezaninso," anatero.