Mwatitha wa ku Mawira

Chaka chimene moto unafa ku Nkhotakota
mafuwa anamera ndere.
Anthu ankatafuna mpunga wouma ngati mpheta,
chinangwa chowawa chikuwatola mmodzimmodzi.
Mwatitha, woumba mbiya, anali ndi miphika makumi atatu
yaiwisi, yondandalika pakhonde,
ndi kamtumbira kakang'ono kumsitu
kamene dothi lake linali lisanaphwe.

Ndiye amene anati: ndipita ine.
Palibe anamugwira mkono.
Mlamu wake anangofunsa
ngati khasu lija alisiya.

Analowa pa una wa nungu, mutu patsogolo,
masiku anayi akukwawa ndi zigongono,
kupyola mizu ya mkuyu,
kupyola pogona akufa,
mpaka kwa Kolezi, wosula wopanda zikope,
amene amasunga makala a dziko m'chigoba cha kamba.

Kolezi anati: moto wanga sunyamulidwa m'manja,
ndipo phale lako laliwisilo sindilifuna.
Yasama.
Ukatulutsa liwu usanaone dzuwa,
moto ndi wako, iwenso ndiwe wake.
Khala linakhala palilime.

Pobwerera misozi inkauma isanafike patsaya.
Mano anang'aluka ngati mbiya yopsa msanga.
Anapirira. Tsiku, lina, linanso.
Lachinayi kuwala kunaoneka kutsogolo,
kochepa ngati njere ya mapira,
ndipo fungo la mvula linali litayamba kumufika

pamene kumanzere, mumdima,
kamawu kanati:
Amayi, ndinu?
Kuno kukuzizira.

Inu mukanatani?
Musandiyankhe msanga.

Anati: ndine.
Liwu limodzi lokha, lalifupi,
khala n'kutsetsereka kummero.

Kumtunda, m'mawa womwewo,
kunatulukira mlendo wogulitsa mchere,
mwala ndi kachitsulo m'thumba la chikopa.
Anagogoda kawiri, udzu unagwira.
Pofika masana utsi unali m'nyumba zonse,
madzulo ng'oma zinawambidwa, chimtali chinavinidwa.
Mlamu uja anawotcha miphika makumi atatu
n'kuisinthanitsa ndi mbuzi ziwiri.
Una wa nungu anautseka ndi mwala
poopa ana angagweremo.

Mwezi usanathe, pansi panatuluka madzi
akuwira, akufuka nthunzi,
ndipo sanazizirepo kufikira lero.

Ine ndimachapa pano Loweruka lililonse.
Aphunzitsi athu a jogalafe ankati ndi miyala yotentha
ya pansi penipeni. Mwina.
Ndinalemba choncho pamayeso ndipo ndinakhoza.
Koma madziwa ndimawadziwa ndi zala:
ali ndi kutentha kwa chifuwa cha munthu
amene wagwira mpweya nthawi yaitali.

Anyamata a kabaza amatsukira pano matope a m'miyendo,
wina amabwera ndi nyamakazi yake, wina ndi zipere.
Palibe amathira ufa, palibe amavula nsapato mwaulemu.
Dzina lake limangomveka sopo akakwera mtengo,
amayi akamaguguda zitenje pamwala:
mwatitha, ogulitsa inu, mwatitha!
osadziwa kuti akuitana munthu.

Ndinkamukwiyira ndili mtsikana.
Njere ya mapira yokha, mayi iwe,
ukanangoluma mano, ukanatuluka!
Chaka chino m'mwezi wa Juni, mwera ukuluma makutu,
ndinabwera ndi matewera a mwana wanga woyamba,
iye ali kumsana, akutsokomola.
Ndinaviika manja, nthunzi inatikuta tonse awiri,
ndipo ndinasiya kumuweruza.

Moto sunafike kwa amene anautuma, n'zoona.
Koma pansi apa pali kamwana
kamene sikanazizidwenso.