Korali wa Sekanawo

Anandisiyira nyanja m'bokosi lagalasi,
pakati pa firiji ndi zenera loyang'ana ku Soche,
nakakwera basi ya ku Joni pa Wenela.
"Amayi, musamamugwire ndi manja.
Mchere muziyeza Loweruka."
Malangizo anathera pomwepo,
ndi kakope kodzaza manambala.

Ine ndinkati ndi mwala.
Koma mwala wanji wotupa matuza m'mawa,
oyera mbuu, othinana ngati mazira a chule,
usiku n'kuphwa,
n'kutulutsa timanja tofufuza chakudya mumdima?

Zaka makumi awiri ndi zitatu mu wodi ya abambo ku Gulupu
zinandiphunzitsa kumva wodwala asanabuule.
Lolemba matuza akumanzere sanadzuke.
Pofika Lachinayi mnofu unali ukubwerera m'mbuyo
ngati usinini wa nkhalamba,
mafupa ali pamtunda, akuthwa ngati malezala,
ndere nayo itafika kale, yakhala chete m'mbali
ngati achibale omwe amva za chuma cha masiye.

Sabata yomweyo magetsi anapita mbandakucha
osanena kuti abwera liti.
Okutobala, denga likulira ndi dzuwa.
Pampu zii.
Ndinayandamitsa mabotolo a ayezi,
n'kumatunga ndi kapu, kuthira, kutunga, kuthira,
kuti madzi asaiwale kupuma,
mpaka phewa linachita dzanzi.
A Makwinja a nyumba yoyandikana
anabwera ndi batire la minibasi yawo yakufa,
nalumikiza mawaya, nasuzumira nthawi yaitali.
"Kodi mayi, chimenechi chimadyedwa?"
Ndinati ayi.
"Nanga chimatani?"
Ndinati chimangokhala moyo.
Anagwedeza mutu ngati ndawauza mtengo wa dizilo.

Madzi a pampopi sawafuna osasefa.
Mchere wa mumsika wa Limbe saufuna,
wake umabwera m'chidebe, wodula kuposa thumba la chimanga.
Ndinasintha madzi pang'onopang'ono, ndowa imodzi pa tsiku,
osadziwabe chimene ndikuchiza.

Ndinachipeza usiku, tochi ili kukamwa.
Ndine.
Popukuta galasi tsiku lina ndinagunda pampu,
ikumuwomba pamalo amodzi usana ndi usiku,
matuza akudzicheka pa mafupa ake omwe.
Ndinakhala pansi pa simenti.
Ine woti ndinkakalipira ana a sukulu ya unamwino
akaiwala kutembenuza wodwala.

Ndinalozetsa pampu kukhoma.
Ndinamunyamula chapansi, pamwala pake,
n'kumutsitsira pamchenga, pomwe nyali siluma.
Chakudya ndi sirinji, ntchito imene manja anga amaidziwa ndili mtulo:
kachidutswa ka shirimpi, kochepa kuposa njere ya mpunga.
Usiku woyamba analavula.
Wachiwiri kansomba kachikasu kanamulanda pakamwa.
Wachitatu ndinamuvindikira ndi botolo la Sobo lodula pakati,
ndipo kamwa linatseguka, mochedwa, mochedwa,
n'kumeza.

Lamulungu Sekanawo anaimba pa vidiyo.
"Korali ali bwanji?"
Ndinamuonetsa mbali yakumanja yokha, yonenepayo.
"Iwe uli bwanji?"
"Bwinobwino, amayi."
Foni anaigwira chapafupi kwambiri
kuti ndisaone chipinda,
koma khosi ndinaliona, kolala ikulendewera.
Tonse tinaseka.
Mayunitsi anatha tisanafunsane zambiri.

Nyanja yamchere ine sindinaionepo.
Ndimangoidziwa m'bokosi ili,
ndi pa lilime, ndikanyambita chala mwangozi.

Lero m'mawa, ndikuvala yunifolomu,
m'mphepete mwa bala muja
mwatuluka timatuza titatu, ngati nandolo wosakhwima.
Fupa likadali poyera. Ndere sinachoke.
Ndalemba m'kakope, pansi pa manambala a mwana wanga:
kutentha 26, wadya, atatu atsopano.

Sindimuuza kaye.
Ndaona ambiri akudzuka n'kupempha phala
tsiku loti mawa lake bedi tiyalula.
Ndazimitsa nyali ya pabalaza, ndasiya yake,
ndakhoma chitseko mosamenyetsa.