Kugogoda Pansi pa Madzi ku Chicoa

Sandramo wazimitsa injini kuti makina amve.
Ndatsitsa chingwe m'mbali mwa boti.
Pano mposaya, mamita anayi okha,
koma madzi a Cahora Bassa lero ndi thobwa la mawere:
ukaviika mkono, zala zako sukuziona.

Ndadina batani. Tiku!
Kamawu katsika, kagunda pansi, kabwerera.
Ntchito yanga njomweyi,
kugogoda pa nyumba yomwe sindidzalowamo
n'kunena za mwini wake potengera mayankhidwe.

Kwathu ku Domwe amayi pogula mbiya
ankaigogoda ndi chala.
Yolira ngwee ankalipira,
yolira phwa ankaibweza osanena kanthu.
Ine ndinakathera zaka zinayi ku Beira
kuphunzira zomwezo ndi manambala.

Mchenga umayankha msanga, mokalipa.
Mwala umachita kukuwa.
Matope amayamba ameza kaye mawu
n'kubweza theka, monyinyirika,
ngati wangongole amene wamupeza akudya nyama.

Koma madzi osaya ngamiseche.
Liwu limodzi ligunda pansi, ligunda pamwamba, libwereranso pansi,
pofika m'khutu la makina lasanduka mboni zisanu,
iliyonse ikulumbira kuti yoyamba ndi iyo.
Pena udzu wovunda umasunga mpweya m'matope
n'kunamiza makina kuti apa mpolimba.
Dzana mvuu inafwenthera kuseri kwa tsanya wouma,
tsamba lonse ndinalemba: bwerezani.

Usiku, magetsi a osodza kapenta atayaka,
ndimaumba pansi pongopeka pa kompyuta.
Ndiike matope chikhatho chimodzi, ndimvere.
Ndiwonjezere, ndichotseko, ndimvere,
mpaka bodza langa lilire mofanana ndi zomwe madzi ananena.
Ine ndimati tapeza.
Mai Quitéria, abwana, amafufuta n'kulemba kuti tayandikira.

Lero pa mzere wachisanu ndi chinayi
mayankho abwera awiri, lofooka kenako lolimba,
lathyathyathya mamita makumi asanu ndi anayi osasintha.
Ndati thanthwe.
Sandramo wayang'ana phiri, wayang'ana mlambe wa tsidya,
wapima ndi chala chachikulu diso limodzi atatsinzina.
Si thanthwe ili, mwanangu.
Ndi bwalo la mpira la sukulu yathu.
Tinaliumitsa ndife ndi zidendene zopanda nsapato.
Ine ndinali goloboyi, cha uko kuli bakhayo.
Madzi anatipeza ndili kalasi yachitatu.

Tatsitsa paipi, taikhomera, taikoka.
Matope akuda ofika m'chigongono,
kunsi kwake kadothi kofiira, kolimba ngati njerwa.
Wakanyenya pakati pa zala, wakanunkhiza,
wakaika m'thumba la malaya momwe amasunga fodya.
Fomu imafuna dothi lonse lipite ku Songo m'botolo.
Ndayang'ana kumbali.

Matopewa akukwera bwanji? wafunsa.
Mwina chala chimodzi pachaka, ndati,
mvula ikakokolola minda ya kumtunda, ziwiri.
Nanga makina anuwa adzasiya liti kulimva bwaloli?
Ndawerengetsa m'mutu, yankho ndalipeza,
ndameza.

M'buku ndalemba: matope, masentimita makumi anayi ndi asanu ndi awiri.
Kunsi kwake: polimba.
Danga la ndemanga ndi laling'ono,
mayina a anyamata khumi ndi mmodzi sangakwanemo.

Dzuwa likuwotcha chitsulo cha boti,
mizere isanu ikutidikira, batire yatsala theka.
Sandramo wagwira chingwe cha injini, wachisiya.
Tandibwerekani zam'makutuzo, wati,
dinaninso kamodzi.

Tiku!

Wawerama, watseka maso,
ndipo ine ndagwira nkhafi kuti boti lisasunthe.