Kope Lopanda Chatsopano

Pa Dedza boma, kuseri kwa shopu ya fotokope,
m'kachipinda komwe seva imatifunditsa kuposa juzi,
Tsilizani wafufuta bolodi ndi mkono wa jekete.
Zonse tidalota mu Malichi zapita:
kalendala, mabatani obiriwira,
kabelu kolira kalata ikafika.
Chatsala ndi fumbi la choko
ndi mawu atatu: Tikonze zomwe zilipo.

Chatonda wakwiya.
Kalendala ija adaisema miyezi iwiri, usiku, ana atagona.
Akuti, nanga anthu tidzawaonetsa chiyani?
Ndani adaliomberapo m'manja denga
chifukwa choti silidadonthe?

Palibe womuyankha.
Panja nkhungu yameza phiri mpaka m'chiuno,
lole ya kachewere ikutsokomola pamtunda.

Ndiwerenge ine,
poti kabuku ka zilema ndimasunga ndine.

Choyamba: magetsi akazima kalata ili pakhomo,
akayaka imapita kawiri.
Mphunzitsi wina wa ku Bembeke adapempha tchuthi cha maliro,
akulu ake adamufunsa ngati amwalira ndi awiri.

Chachiwiri ndi kadenga kaja ka pamutu pa ŵ.
Pulogalamu yathu imakatafuna
n'kulavula timafunso tiwiri pakati pa dzina la munthu.
Ngakhale dzina la dziko limafika likutsimphina.

Chachitatu sitikuchimvetsa.
Pakatha masiku khumi, asanu ndi anayi
seva imatupa ngati mbuzi yodya jumbo,
imapuma mwabefu, kenako zii.
Mwezi watha m'mimba mwake mudali kalata ya namwino
yoitanitsa mankhwala a shuga.
Idagona pamzere kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba.
Kalata sidandaula pamzere,
wodandaula ali pabenchi la kuchipatala
ndipo dzina lathu salidziwa.

Chatonda akuyang'ana nsapato zake.

Pulogalamuyi ilibe loko, tidagwirizana choncho poyamba pomwe.
Wofuna aivundukule, aone matumbo ake,
atenge, asoke, abweze.
Dzana munthu wa kutsidya kwa nyanja zamchere,
yemwe nkhope yake sitidzaiona,
adatumiza chigamba cha mizere itatu
n'kupepesa kuti chachepa.
Mizere itatu! Ine ndidasaka bowo lomwelo chilimwe chonse.

Tsono pangano ndi ili, Tsilizani akulemba:
kuyambira lero chatsopano chidikire pakhonde.
Masabata asanu ndi limodzi.
Tidzaithira makalata abodza zikwi makumi asanu
opita kwa anthu omwe sadabadwe.
Tidzazula pulagi mwadala kalata ili m'kamwa.
Tidzaiyesa pa kompyuta yakale ija ya ku parishi
yomwe imadzuka mochedwa ngati bondo la nkhalamba.
Oumba mbiya kumtunda kuno sagulitsa asanagogode,
amatchera khutu kumva mng'alu womwe diso laphonya.
Ifenso tidzagogoda,
ndipo tidzakhala pompano, tiyi ali m'manja,
kudikira tsiku la makumi awiri.

Nanga likafika itatupanso?
Ndiye kuti Julaye si wathu, tidzatulutsa mu Ogasiti.
Kuthamanga si kufika,
koma mwambiwo ndi wopepuka pakamwa pa munthu
amene kalendala yake sadaifufute.

Ndikudziwa. Chaka chatha adafufuta zanga.

Chikalata cholengeza chidzakhala chachifupi,
mwina chosakwana chikhatho:
Kope lino lilibe chatsopano.
Kalata imapita kamodzi.
Dzina lanu lifika lathunthu.
Palibe adzatiimbire foni kuthokoza,
ndipo foni ikakhala chete mwezi wonse
malipiro athu ndi omwewo.

Chatonda wasunga kalendala yake panthambi ina,
waitcha kuti Mvula Ikatha.
Wapempha kabuku, watsegula pa chilema chachitatu,
wawerenga kawiri, milomo ikugwedera.
Kenako wadzuka, wagwada kuseri kwa seva
komwe kuli fumbi ndi nthambo zopiringizana,
dzanja lili papulagi.

Yatumizidwa?
Ili pakhomo.
Ndizule?

Zula.