Chigamba cha M'diso

Sipoko inathyoka Lachinayi masana,
njinga ya kabaza ya Twaibu itagona chagada pa Kamuzu Road.
Sindinamve kuwawa msanga.
Kanangoti tswi, ngati kamchenga,
kenako msewu wa ku Senga Bay unasanduka iwiri.

Kuchipatala Mayi Chimpeni anayatsa katochi:
"Yang'anani khutu langali, musaphethire."
Akuti kawaya kanafika pa kagalasi
kobisala kuseri kwa mwana wa diso,
kochepa ngati njere ya khobwe.
"M'menemo simudutsa mtsempha wa magazi,
koma muli timaselo, amisiri anzanu.
Bowo likakhala laling'ono
amakwawa kuchokera m'mbali nalitseka.
Tidikire tione."

Tidikire?
Ine ndamata machubu zaka khumi ndi zinayi,
sindinaonepo bowo lodzitseka lokha.
Umaviika m'beseni, kusaka thovu,
kupala, kupaka guluu, kuuzira,
kudinda ndi chala chachikulu
uku mwini njinga akukuwerengera mphindi.

Usiku Esinati ankandidonthezera mankhwala,
kuwerenga madontho mokweza ngati ngongole,
ine chagada ngati njinga ija, thonje kumaso,
kumvetsera m'kati.
Zii.
Popanda nyundo, popanda pampu.
Amisiri otani osapempha ngakhale ya sopo?

Sabata yachisanu katochi kanayakanso.
Chagwira.
Koma chigamba ndi chigamba, sichifanana ndi chubu:
patsala kadontho kotuwa
ngati mpweya wa mwana pa zenera la minibasi.
Kakakula ndi ng'ala, tidzachotsa;
kakakhala phee, tikasiye.

Ndipo akuti kagalasika sikataya kanthu.
Kamavala chikamba pamwamba pa chikamba ngati anyezi,
zakale zimangokankhidwira pakati.
Ndiye kuti diso limene ndinaonera mayi anga koyamba
lili momwemo mpaka lero,
limene ndinaonera Esinati atasenza mpunga ku Lifuwu
lili momwemo,
tsopano Lachinayi lija nalo lalowa,
lakhala pansi pakati pa anzake.

Ndabwerera pansi pa mtengo wanga wa nimu.
Ndinagula magalasi a owotcherera zitsulo,
anyamata akunditcha Bwana Ndege.
Ndikamalowetsa vavu ndimapendeka mutu pang'ono
ngati nkhuku yoona kabawi,
kuti kuwala kulambalale kadontho kaja.

Dzulo Twaibu anabwera ndi chubu,
akuti chigamba ndinamuikira n'chonyansa,
chofiira pa chakuda, chokhota.
Ndinachiviika m'beseni, tonse tinawerama.
Madzi anangoti bata.
Ndinamuyang'ana ndi diso lakumanzere lomwelo
n'kumufunsa:
nanga chikutuluka mpweya?