Masabata Awiri Awiri

Eyiti koloko ikakwana sitikhala pansi.
Mipando ilipo, koma Kudzanai anailetsa,
akuti munthu woimirira satalikitsa nkhani.
Tilipo asanu ndi mmodzi m'kaofesi ka ku Eastlea,
magetsi anathima usiku, ketulo ili zii,
ndipo pakhoma timapepala tachikasu tafola mizere itatu:
Zodikira, Zili m'manja, Zatheka.

Dzulo unatani? Lero utani? Chakupinga n'chiyani?
Takudzwa akuti chamupinga ndi kombi ya ku Chitungwiza.
Tikuseka, koma wotchi siseka nafe.

Ine ntchito yanga ndi makutu.
Kale ndinkalemba chikalata cha masamba makumi asanu ndi atatu,
abwana n'kusaina osawerenga,
opanga mapulogalamu n'kudzitsekera miyezi isanu ndi inayi;
potuluka ndi khanda lawo m'manja
panalibe wolizindikira nkhope.

Masiku ano Lachiwiri ndimatsikira ku Mbare,
kukakhala pa thumba la anyezi pambali pa Mai Chigumira.
Ngongole za anthu makumi atatu
amazisunga m'kope la sukulu lonyowa m'makona.
Ife tikuti ngongolezo zisamukire m'foni.

Kapepala koyamba ndinalemba ndi dzanja lodzikhulupirira:
Monga wogulitsa, ndikufuna kulemba makilo.
Nyaradzai anakasula masiku khumi.
Lachisanu tinapita kukaonetsa.
Mayiwo anaigwira foni ndi zala ziwiri ngati khala la moto.
Kilo? Anagulapo kilo kwa ine ndani?
Pano ndi mulu, mwanawe, mulu ndi ndowa.
Mtengo wa m'mawa si wa masana,
matimati akafewa ndi dzuwa nanenso ndimafewa.
Nanga batani ili munayesera chala cha yani?

Ndinabwerera ndili chete mpaka ku Copacabana.
Kapepala kaja ndinakamatula pa Zatheka
n'kukabwezera koyambirira.
Guluu wake anali atatopa, kanagwa pansi kawiri.
Palibe anakalipa.
Kudzanai anangoti, tataya masiku khumi, osati chaka,
n'kutembenukira kwa wina.

Usiku womwewo ndinakumbuka bambo anga,
mmisiri wa njerwa wochokera ku Dedza,
amene anakuza nyumba yathu ku Mufakose
chipinda chimodzi chimodzi.
Ankafolera, tizigonamo,
mvula ya Disembala iwauze podontha,
kenako n'kukumba maziko a china.
Anansi ankati alibe pulani.
Pulani anali nayo, koma yolemba ndi pensulo,
ndipo labala ankayenda naye kukhutu.

Chotero tikuyenda, masabata awiri awiri.
Mulu unalowa m'foni. Ndowa inalowa.
Batani linakula mpaka kukwana chala chonyowa.
Kumapeto kwa ulendo uliwonse timakhala pansi, inde pansi ndithu,
kuuzana zimene zatipweteka popanda kuloza munthu,
ngakhale maso ena amaloza okha.

Sabata yatha tinawonjezera chikumbutso:
tsiku likakwana, foni itumize uthenga kwa wangongole.
Tinanyadira, tinagula mabanzi.
Mai Chigumira anayang'ana mndandanda,
chala chawo n'kuima pa dzina lachisanu ndi chiwiri.
Uyu mkazi wake tinamuika m'mwezi wa Juni.
M'kope langa tsamba lake linanyowa, silikuwerengeka.
Foni yanuyi imanyowa?

Lero m'mawa ndamata kapepala katsopano:
Monga wogulitsa, ndikufuna kuiwala.

Poyeza kulemera kwa ntchito timakweza zala pamodzi.
Takudzwa wakweza chimodzi, akuti ndi batani lofufutira basi.
Nyaradzai watambasula zonse zisanu,
akuti mabuku akapanda kugwirizana tidzayankha kwa yani?
Onse atembenukira kwa ine,
amene ndimalipidwa kuti ndidziwe chimene kasitomala akufuna.

Dzanja langa likadali m'thumba.
Panja jenereta ya aneba yayamba kutsokomola,
ndipo pa mphindi zathu khumi ndi zisanu
zatsala ziwiri.