Matumba a Chikhoti

Zaka makumi atatu ndi chimodzi
ndakhala m'chipinda cha pansi pa situdiyo ino ku Cardiff,
kumene dzuwa limangosuzumira n'kubwerera,
ndikusokera chikhoti munthu mmodzi yemweyo:
woyendetsa chombo cha pakati pa nyenyezi,
amene ana amamudikira Loweruka madzulo
mbale zili pamiyendo.

Amuna asanu ndi awiri avala dzina lakelo.
Woyamba ankanunkha fodya ndi mantha.
Wachitatu ankabisa mabisiketi m'thumba,
nyenyeswa ndinkakutumula ndine.
Wachisanu ananenepa pakati pa chaka,
ndinamumasulira msoko usiku, osauza munthu.

Lachiwiri lija chitseko chinatseguka,
analowa mkazi atanyowa ndi mvula,
ambulera yake itathyoka nthiti ziwiri.
"Ndine Marged. Akuti mundiyeze."
Ine ndinasuzumira kumbuyo kwake
kufuna mwini chikhoti.
Kunalibe munthu.
Manyazi anandibaya
ngati phini woiwalika m'kolala.

Nkhani itatuluka, basi yonse inali pakamwa pokhapokha.
Bambo wina wa chipewa chaubweya
ankati amubera ubwana wake masanasana.
Mlamu wanga Emrys,
amene amavomera kuti chombo chingalowe m'mimba mwa dzuwa
n'kutulukira kwina chosapsa,
amene sanafunsepo chifukwa chake zilombo za maso asanu ndi anayi
zimalankhula Chingelezi chosalala,
akuti mkazi pachiwongolero, ayi, bodza lake lanyanya.
Ndinamuthirira tiyi, shuga ndinamumana.
Koma sindimuseka kwambiri.
Si ine ndinasuzumira kumbuyo kuja?

Ojambula zovala anatumiza pepala kuchokera kumwamba:
chiuno chofinyidwa ngati khosi la botolo,
matumba palibe.
Akuti matumba amawononga maonekedwe.
Marged analiyang'ana nthawi yaitali,
kenako anandifunsa motsitsa mawu,
"Enawo akagwidwa ndi mantha pamaso pa kamera,
manja ankaika kuti?"
"M'matumba," ndinatero.
"Ndiye inenso ndili nawo manja."

Ndinatsegula kabati ya pakona
mmene ndinasunga chikhoti choyambirira,
njenjete zitadya phewa lake lamanzere.
Ndinadulamo nsalu yam'kati, yobiriwira ija,
n'kusoka matumba akuya mpaka m'chigongono.
Akumwamba akaona, adzalankhula.
Alankhule. Lumo lili ndi ine.

Ndili mwana ku Merthyr
tinkasewera filimu yomweyi kuseri kwa tchalitchi.
Chombo chinali mgolo wa zinyalala.
Anyamata ankasinthana ukaputeni,
ine ntchito yanga inali kukuwa,
kupunthwa, kubinya phazi,
n'kudikira pansi pozizira kuti andipulumutse.
Tsiku lina anaitanidwa kukadya,
anandiiwala pomwepo mpaka mdima.
Ndinadzipulumutsa ndekha, n'kupita kwathu.
Palibe anaombera m'manja.

Sindikudziwa ngati Marged adzaikwanitse.
Mwina olemba adzamupatsa mawu owuma,
anthu n'kunena kuti mwaona, tinanena ife.
Wachinayi uja anali mbuzi yeniyeni pa sewero
koma palibe anati amuna alephera.

Usiku uno onse apita.
Makina akhala chete, ayironi ikuzizira.
Ndachotsa chikhoti pachidole,
ndavala.
Mikono yake yandimeza zala,
m'munsi mwake mukukwekwereza pansi,
pagalasi paima nkhalamba ya magalasi pamphuno
yokhala ngati yabwereka thambo lonse.
Ndalowetsa manja m'matumba.
Akuya bwino.
Kumanja ndapezamo choko changa chodindira nsalu,
chatsala kachidutswa ngati dzino la mwana.
Ndachigwira pang'ono,
ndachisiya momwemo.
Chipite nawo kumene chombo chikupita.

Basi yomaliza imanyamuka leveni koloko,
ndipo mawondo angawa
sathamanganso.